Kumvera, Chikumbumtima ndi Uneneri: Mawu Amene Anafikitsa Maepiskopi ku Kanjedza

Pa 10 Malichi 1992 apolisi anaitanitsa maepiskopi a Mpingo wa Katolika ku Kanjedza mumzinda wa Blantyre n'kuwapanikiza ndi mafunso pafupifupi tsiku lonse. Mlandu wawo unali kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, yodzudzula malipiro ochepa, katangale, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu ndiponso kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi yogalukira boma, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Choncho funso loti kodi chipembedzo chingatchinjirize dziko kuti lisasanduke ndende ya eni ake si lachilendo kwathu kuno. Kuti tiliyankhe bwino, tiyenera kumvetsa mawu angapo amene okambirana nkhaniyi amagwiritsa ntchito.

Loyamba ndi dystopia. Akatswiri a zolembalemba amatchula choncho dziko looneka labata ndi ladongosolo, koma anthu ake akukhala mwamantha, boma likudziwa mayendedwe a aliyense, ndipo bodza lasanduka lamulo. George Orwell, m'buku lake la mu 1949, anaonetsa dziko lolamulidwa ndi chikwapu ndi akazitape. Aldous Huxley, mu 1932, anaonetsa lina limene anthu amagonekedwa tulo ndi zosangalatsa mpaka kuiwala kufunsa mafunso. Amene anakula m'nthawi ya chipani chimodzi mtundu woyambawo amaudziwa popanda buku. Amakumbukira ayufi atatchinga pakhomo la msika, kuti wopanda khadi la chipani asagule ngakhale mulu wa tomato. Amakumbukira mayina a ndende za Mikuyu ndi Dzeleka akutchulidwa monong'ona, komanso imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, imene boma linati inali ngozi ya galimoto.

Lachiwiri ndi kumvera. Ngodya zinayi za Malawi Congress Party zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo palibe ngakhale imodzi imene ingadabwitse munthu akaimva pa guwa. Dr Hastings Kamuzu Banda mwini wake ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Alaliki ambiri ankatsamira pa Aroma 13, pomwe Paulo amalangiza za kugonjera olamulira, n'kumaphunzitsa kuti Mkhristu wabwino salowerera ndale. Boma litaletsa Mboni za Yehova mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi, ndiponso pamene anthuwa ankawotcheredwa nyumba mu 1972 n'kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, mipingo ikuluikulu inangoti zii. Kumvera kopanda malire kunathandiza nkhanza kukhazikika.

Malire amenewo amaikidwa ndi chikumbumtima. M'maphunziro a zaumulungu chikumbumtima ndi chiweruzo cha mumtima chimene munthu ayenera kuchitsata ngakhale wolamula atanena zina, chifukwa pali Wina woposa mfumu amene adzafunse aliyense payekha. Apa ndi pamene chipembedzo chimasautsa wolamulira wankhanza. Iye amafuna kukhala mutu wa zonse, koma wokhulupirira amati mutu ulipo kale. Mkhristu amatchula atumwi amene anakana kusiya kulalikira atalamulidwa ndi akuluakulu, ndipo Msilamu amaphunzitsidwa kuti cholengedwa sichimveredwa pa chinthu cholakwira Mlengi.

Chikumbumtima chikatuluka mumtima n'kukalankhula pagulu, akatswiri amati ndi mawu auneneri. Mneneri wa m'Baibulo, monga Natani pamaso pa Davide kapena Amosi pamaso pa olemera a ku Samariya, ntchito yake yaikulu inali kuuza wamphamvu kuti walakwa. Lero mukafunsa ku Ndirande kapena ku Bangwe kuti mneneri ndani, ambiri akulozerani kwa munthu wolosera za ukwati, ntchito ndi ulendo wa ku Joni, amene amauza anthu kuti abzale mbewu, kutanthauza kupereka ndalama kuti madalitso atseguke. Uneneri wa mtundu woyamba umafunsa chifukwa chake m'chipatala mulibe mankhwala. Wachiwiri umauza wodwala kuti vuto ndi chikhulupiriro chake chochepa, ndipo olamulira sautaya nawo tulo.

Kalata yaubusa ndiyo njira imene uneneri unadutsira mu 1992. Mphamvu yake inali m'kafalitsidwe. Pa nthawi imene wailesi inali imodzi ndipo nyuzipepala zinali m'manja mwa boma, mpingo unali ndi makina akeake osindikizira ku Balaka, maparishi m'dziko lonse ndi anthu osonkhana Lamulungu lililonse. Makope 16,000 anafalikira boma lisanadzidzimuke. Makinawo anatenthedwa pambuyo pake, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo, koma madzi anali atatayika kale. Chakufwa Chihana, wolimbikitsa ndale za zipani zambiri, anamangidwa pa 6 Epulo, ogwira ntchito ku fakitale ya David Whitehead ananyanyala mu Meyi, ndipo chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, momwe Akatolika, a CCAP, a Anglican ndi Asilamu anakhala pamodzi ndi maloya komanso amalonda. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi oposa 60 pa 100 alionse amene anavota anasankha zipani zambiri.

Komabe mbiri ya mayiko ena imatiletsa kudzitama. Ku Rwanda mu 1994 anthu anaphedwa m'matchalitchi momwe anathawira, ndipo wansembe Athanase Seromba anapezeka wolakwa pa kuphedwa kwa anthu m'tchalitchi cha ku Nyange. Ku Shakahola ku Kenya, mu 2023, kunafukulidwa mitembo yoposa 400 ya otsatira a Paul Mackenzie. Kumeneko chipembedzo chenichenicho ndicho chinali ndende.

Chiopsezo cha masiku ano sichibweranso ndi ayufi. Kuyambira mu 2017 tili ndi ziphaso zaunzika, mu 2018 tinalembetsa manambala a foni, ndipo zida zotere zingathandize kapena kuzonda anthu, malinga ndi amene wazigwira. Mpingo nawonso suopsezedwa ndi apolisi kwenikweni. Umayesedwa ndi envelopu ya wandale amene waitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka pa pepa sande, mbusa akuombera m'manja chifukwa denga la tchalitchi lapezeka. Chipembedzo chingatchinjirize dziko pokhapokha ngati chili ndi chuma chosadalira olamulira, ngati chikuteteza ngakhale anthu a chikhulupiriro china, ndiponso ngati chikulola nkhosa kufunsa abusa ake momwe chopereka chayendera. Mpingo umene sulola mafunso m'bwalo lake sungaphunzitse anthu kufunsa boma.