Tinambala Tosalozeka ndi Chala

Minibasi yochokera ku Lusaka ikamayandikira geti yolipirira msewu ku Shimabala, singano ya pa spidomita imaonetsa liwiro la nthawi yomweyo. Koma liwiro ndi mtunda wogawidwa ndi nthawi, ndipo m'kamphindi kopanda utali galimoto siyenda mtunda uliwonse. Nanga singanoyo ikuyeza chiyani?

Gottfried Leibniz, amene anasindikiza calculus yake mu 1684, anayankha ndi tinambala toposa ziro koma tochepa kuposa kachigawo kalikonse kamene mungatchule. Masamu ake ankatuluka bwino, komabe mu 1734 Bishopu George Berkeley anatiseka kuti ndi mizukwa chabe. M'zaka za m'ma 1800 Karl Weierstrass ndi anzake anatithamangitsa m'masamu.

Anatibweza ndi Abraham Robinson, m'pepala la 1961 ndi buku la 1966. Umboni wake unali wolimba, koma unatsamira pa lamulo la kusankha, axiom of choice, limene Ernst Zermelo analemba mu 1904. Bertrand Russell analifotokoza ndi nsapato ndi sokosi; ine ndimaliona pa salaula. Tiyerekeze belo losatha la nsapato ziwiriziwiri: mungauze mwana kuti pa ziwiri zilizonse atenge yakumanzere, nkhani yatha. Nanga sokosi, zofanana zonse ziwiri? Palibe malangizo amene mungapereke. Lamulo la Zermelo limangoti kusankhako kulipo, ngakhale simungafotokoze kasankhidwe kake.

Kuti amange tinambala ta Robinson, akatswiri amagwiritsa ntchito sefa yotchedwa ultrafilter, imene imapezeka mwa njira ya sokosi ija: ilipo, koma palibe angailembe papepala. Alain Connes wa ku France anakankhira pomwepo: ngati tinambalato tilipodi, tilozereni kamodzi. Kwa ine funsoli silinali lachipongwe. Munthu wogulitsa katundu wosaoneka ayenera kufunsidwa.

Yankho linabwera mu 2004 kuchokera kwa Vladimir Kanovei ndi Saharon Shelah. M'malo mosankha sefa imodzi mwachimbulimbuli, anatenga masefa onse oyenera, kuwandandalika ndi lamulo lolembeka, n'kumanga dongosolo limodzi lofotokozeka bwinobwino. Sanathawiretu Zermelo ayi, chifukwa potsimikiza kuti dongosololo likugwira ntchito lamulo lake limafunikabe. Mu 2021 Karel Hrbacek ndi Mikhail Katz anaonetsa kuti mbali yaikulu ya calculus ya tinambalati ingachitike popanda lamulo la kusankha n'komwe.