Kalasi, Kamwana ndi Misozi ya ku Loudon

Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu Okutobala 1875, koma munthu wawo woyamba, Albert Namalambe, adabatizidwa mu Malichi 1881. Padapita zaka zisanu ndi miyezi ingapo kuti apeze mkhristu mmodzi, manda a amishoni anzawo atayamba kale kundanda pamalopo. Dr Robert Laws, mmodzi mwa amishoniwo, sadali wothamangira kuchulukitsa maina m'kaundula. Ankafuna munthu woti akamusiya yekha ntchito ya Mulungu isaime, ndipo mishoni itasamukira ku Bandawe chaka chomwecho, Namalambe ndiye adatsala akuyang'anira malo akalewo.

Mtima umenewu ndiwo udabala mwambo wa kalasi, umene mipingo ya CCAP ikadali nawo mpaka lero. Wofuna kulowa mumpingo ankayamba m'gulu la omvera mawu, kenaka n'kukwera m'gulu la ophunzira katekisimu, ndipo ulendo wonsewo unkatha zaka zinayi kapena kupitirira. Ankafunsidwa mafunso pamaso pa mmishoni ndi akulu a mpingo. Wachinyamata ankayenera kudziwa kuwerenga. Kumudzi nako maso adali pa iye: kodi wasiya mowa, kodi sapitanso kukaombeza, kodi m'nyumba mwake muli mtendere? Wamitala ankauzidwa kuti atsale ndi mkazi wamkulu yekha. Lamulo limeneli lidaliza amayi ambiri osalakwa, amene adabwerera kwawo ndi ana kumsana kuti mwamuna alandire mgonero, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mbiri ya mpingo siwatchula kawirikawiri.

Cholinga chidali chabwino. Amishoni adachokera ku Scotland, kumene adaona anthu obatizidwa ali makanda akukula osadziwa chimene adabatizidwira, ndipo sadafune kudzala mbewu yomweyo kuno. Koma m'zaka za m'ma 1890 Atonga ndi Angoni atayamba kukhamukira kusukulu ndi kutchalitchi, khomo lidachepa. Amishoni oyesa anthu adali owerengeka, midzi ili kutalikutali. Munthu ankatha kumaliza maphunziro onse, n'kukhala chidikirire mzungu wodzamufunsa mafunso, dzinja n'kudutsa, lina n'kudutsanso.

Apa m'pamene adatulukira Elliot Kenan Kamwana. Adali Mtonga, adaphunzirapo ku Overtoun Institution ku Khondowe, ndipo ku Cape Town adakumana ndi Joseph Booth amene adamuphunzitsa za Watch Tower. Atabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908, adayamba kubatiza pomiza m'madzi, osafunsa za zaka za kalasi. M'miyezi yochepa anthu oposa 9,000 adalowa m'madzi m'dera la Nkhata Bay. Ankalalikanso kuti mu 1914 ulamuliro wa dziko lino udzatha pamodzi ndi msonkho wake, choncho boma la atsamunda lidamugwira mu 1909 n'kumuchotsa m'deralo.

Amishoni adati Kamwana wapanga akhristu a dzina lokha. Pena adanena zoona, pakuti ubatizo wa tsiku limodzi sungaphunzitse munthu kukhululukira mbale wake. Koma ambiri mwa amene adamutsata adali anthu a m'kalasi momwemo, otopa ndi kudikira. Kalasi inkayesa bwino kuleza mtima, kuloweza mayankho ndi kupewa milandu yooneka ndi maso. Za mumtima sinkazifika.

Izi zidaonekera poyera mu 1910. Mmishoni Donald Fraser, amene kuyambira 1898 ku Ekwendeni ankasonkhanitsa anthu zikwizikwi pa misonkhano ya masiku angapo ya mgonero, adali atakhazikika ku Loudon, komwe lero timati Embangweni. Mu 1910 momwemo kudabwera mlaliki Charles Inwood wa misonkhano ya Keswick ku England. Uthenga wake udalunjika kwa obatizidwa kale. Ndipo amene adagwidwa nawo mtima adali omwewo odutsa m'kalasi, ena aphunzitsi, ena akulu a mpingo. Anthu adalira mokweza, kupemphera onse nthawi imodzi, kuulula machimo amene bwalo la mpingo silidawadziwe. Amishoni ena adachita nazo mantha, poona ngati kutengeka maganizo kwapitirira muyezo. Komabe palibe amene akadakana kuti mayeso a zaka zinayi adali atadutsitsa zambiri zobisika.

Nkhani ya Jonathan Chirwa ndiyo imafika pamtima penipeni pa funso lakuti mkhristu weniweni amadziwika bwanji. Iye adali mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a Livingstonia, odzozedwa mu 1914 pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya. Adali munthu wolemekezeka, wopeka nyimbo za mpingo, wofika pamwamba pamene mwana wa kuno akadafika masiku amenewo. Mu 1918 adavomera kuti adachita chigololo, ndipo ubusa udamuchoka. Taganizani munthu amene dzulo lake ankanyema mkate pa gome la mgonero, lero wakhala pansi pakati pa anthu amene ankawaphunzitsa, aliyense akudziwa chimene chamutsitsa. Njira zothawira zidalipo, pakuti mipingo ina idali itayamba kale kumera m'dzikomo ndipo munthu wophunzira ngati iye akadalandiridwa ndi manja awiri. Chirwa sadachoke. Adakhala pansi pa chilango chaka ndi chaka, akhristu a kwa Angoni akumupemphera kuti abwerere, Fraser akumuchonderera kwa amishoni anzake amene ankakana kuti m'busa wogwa angaimenso pa guwa. Adabwezeredwa pa ubusa mu 1924, chaka chomwe mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre idalumikizana kukhala CCAP, ndipo adatumikiranso anthu a ku Loudon omwe adamuona akugwa.