Mbiri ya Zithunzithunzi Zoopsa

Palibe mtundu wa anthu pa dziko lino lapansi umene ulibe nthano zoopsa. Makolo athu, pokhala pamoto madzulo atatha kudya, ankasimbira ana za cirombo comeza mudzi wathunthu, za afiti okwera pa fisi, ndi za mizukwa yoyendayenda kumanda. Ana ankanjenjemera nalimbirana malo a pakati, koma tsiku linzace ankapemphanso nthano yomweyo. Azungu nawonso ali ndi nthano zao zotere, ndipo atapeza nzeru ya kanema, amene ife tinamzolowera ndi dzina lakuti bayisikopo, sanacedwe kuziikamo. Inu amene mwatsiriza sukulu muyenera kudziwa kumene zithunzi zimenezi zinacokera, ndi cifukwa cace agogo anu a mu Lusaka analetsedwa kuziona.

Abale awiri a banja la Lumière anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ndarama mu mzinda wa Paris pa 28 December 1895. Caka cotsatira Georges Méliès anakonza kacithunzi ka mphindi zitatu kochedwa Le Manoir du diable, m'mene mleme usanduka mdierekezi. Koma luso lenileni la kuopsa linakulira ku Germany itatha nkhondo yaikuru yoyamba, pamene anthu a kumeneko anali ataona imfa ndi njala zosaneneka. M'caka ca 1920 Robert Wiene anaturutsa The Cabinet of Dr. Caligari, m'mene nyumba ndi miseu zinajambulidwa zokhotakhota dala, kuti woonerera aone dziko monga aliona munthu wozungulira mutu.

M'caka ca 1922 F. W. Murnau anakonza Nosferatu, nkhani ya mzukwa woyamwa mwazi wa anthu usiku. Nkhaniyo anaitenga m'buku la Dracula, limene Bram Stoker analemba mu 1897, koma sanapemphe cilolezo. Mkazi wamasiye wa Stoker anakasuma, ndipo mu 1925 bwalo la milandu linalamula kuti cithunzico cionongedwe. Mwamwai makope ena anali atafika kale ku maiko ena, ndipo ndiwo anacipulumutsa. Cithunzici ciribe mau. Komabe mthunzi wa Max Schreck, wa zala zazitali, wokwera makwerero pang'onopang'ono, ukali kuimitsa anthu tsitsi patapita zaka zoposa 100.

Zithunzi zitayamba kulankhula mu 1927, kampani ya Universal ku America inatenga nchito imeneyi. Mu 1931 inaturutsa Dracula, m'mene munasewera Bela Lugosi wa ku Hungary, ndiponso Frankenstein, nkhani yocokera m'buku limene Mary Shelley anasindikiza mu 1818. M'menemo munthu wophunzira asonkhanitsa ziwalo za akufa naziukitsa ndi mphamvu ya mphezi, koma alephera kulera cimene walenga. Boris Karloff, Mngelezi, ndiye anasewera ngati colengedwaco, ndipo Jack Pierce ankatha maora ambiri tsiku liri lonse kumkonza nkhope. Mu 1932 kunabwera The Mummy, pamene anthu anali akali kukamba za manda a mfumu Tutankhamun amene Howard Carter anapeza ku Egypt mu 1922. Mu 1941 kunabwera The Wolf Man, nkhani ya munthu wosanduka cirombo, yosasiyana kwenikweni ndi zathu za anthu osanduka mikango.

Tizindikire kuti zaka zimenezo zinali za umphawi waukuru. Malonda a dziko lonse anagwa mu 1929, ndipo kuno kwathu mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa mu 1931, anthu ambiri nabwerera kumidzi cimanjamanja. Ku America anthu osowa nchito ankaperekabe tindarama tao kuti akaopsedwe. Cifukwa cace sicibvuta kucimva: mantha a njala satha, koma mantha a m'bayisikopo amatha nyali zikayaka, ndipo munthu aturuka mtima utapepuka, monga mwana amene wamva kuti nthano yathera pomwepo.

Maboma sanakondwere nazo zithunzi izi. Ku Britain oyesa zithunzi anayamba mu 1932 kuziika cizindikiro ca H, ndipo mu 1951 anaika ca X, coletsa ana osafika zaka 16. Ku America malamulo a Hays anakhwimitsidwa mu 1934. Okonza zithunzi anaphunzira tsono kubisa coopsaco, ndipo kubisako kunawapindulitsa. Mu Cat People ca 1942, cimene Val Lewton ndi Jacques Tourneur anakonza ndi ndarama zocepa, mkazi ayenda yekha usiku namva mapazi omtsata, koma cirombo sicioneka. Woonerera acilenga yekha m'mtima mwace. Pambuyo pace kampani ya Hammer ku Britain inaonetsa mwazi wofiira poyera mu The Curse of Frankenstein ca 1957 ndi Dracula ca 1958, m'mene munasewera Peter Cushing ndi Christopher Lee.

Nanga kuno ku Northern Rhodesia zinali bwanji? Bayisikopo inayamba kuonetsedwa m'makomboni a migodi ya kopa mu 1928, ndipo mu 1937 Boma linaika bungwe loyesa zithunzi zimene anthu akuda angaone. Bungwelo linkadula mbali zoonetsa kupha munthu pafupi, kubaya ndi mpeni, kuzunza akazi, kumanga Mzungu ndi zingwe, ngakhalenso anthu obvala zophimba kumaso. Ganizani nokha cimene cingatsale m'cithunzi coopsa mutacotsamo zonsezi! Ca anthu athu cinali cithunzi ca makaubo, naconso codulidwadulidwa kotero kuti nkhani yace sinkamveka mutu. Komabe anthu ankadzaza mabwalo, napfuulira ngwazi yao, imene m'zithunzi zonse ankaicha Jack. Mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, nalemba zimene oonerera ankanena, m'buku lace Copper Town la 1962.

Maganizo a bungwelo anali akuti munthu wakuda sangathe kusiyanitsa sewero ndi zoona, ndi kuti ataona Mzungu akucita zoipa kapena akuthawa ndi mantha, ulemu ungathe. Lusaka atasanduka likulu mu 1935, mzinda unagawidwa monga mwa khungu: Azungu kumtunda, kumene pambuyo pace kunakula Woodlands ndi Kabulonga, ndipo anchito ao m'tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata, kenaka ku Chilenje ndi ku Matero. Mnyamata wa pa sukulu ya Gilbert Rennie, imene lero ndi Kabulonga Boys, ankatha kugula tikiti m'tauni nakhala pa mpando wofewa. Mnzace wa ku Munali, wowerenga mabuku omwewo a Cingelezi, pakhomo pomwepo ankabwezedwa. Lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'nyumba za tiyi ndi m'mabayisikopo linadza mu 1960, zaka zinai ufulu wa pa 24 October 1964 usanafike.

Codabwitsa ndi ici, kuti anthu amene anatetezedwa kwa Dracula anali naye wao woyamwa mwazi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 m'dziko muno munawanda mbiri ya banyama, ndiwo anthu amene ankati alembedwa nchito ndi Azungu kugwira anzao usiku kuti awacotse mwazi. Pa nthawi ya mkangano wa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953, mbiriyi inakula mu Lusaka, kufikira kuti aulutsi ena akuda a pa wailesi anaganiziridwa kuti ndi banyama, nakhala moopa miyoyo yao. Peter Fraenkel, amene ankagwira nao nchito, anasimba zimenezi m'buku lace Wayaleshi la 1959, ndipo Luise White anazisanthula mu Speaking with Vampires mu 2000. Anthu amene ankaona mphamvu zao zikuthera m'migodi, ndi dziko lao likuperekedwa osafunsidwa, anapeza m'mbiri imeneyi fanizo la bvuto lao. Tsono mantha a anthu sanacokere ku bayisikopo ai. Anacokera ku ulamuliro umene unkacita zinthu mseri. Mkasi wa bungwe lija sukanatha kuwadula.

Apa ndipo pagona phindu la zithunzi zakalezi kwa wophunzira mbiri. Cirombo ciri conse cibvala mantha a nthawi yace. Godzilla, cimene Ishiro Honda anakonza ku Japan mu 1954, ndi cirombo coukitsidwa ndi mabomba, patangopita zaka zisanu ndi zinai cionongekere Hiroshima. Frankenstein cifunsa ngati munthu ayenera kucita ciri conse cimene nzeru zace zitha. Ndipo tisabise kuti zina mwa izo, monga King Kong ca 1933, zionetsa anthu akuda ngati opanda nzeru. Zimenezo tizione ndi maso otseguka, kuti tidziwe bodza limene dziko linauzidwa za ife.

Lero zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zipezeka pa intaneti, ndipo mwana wa ku Chelstone angathe kuona Nosferatu pa foni popanda womfunsa za khungu lace. Ena acitaya msanga nati ncozizira, popeza ciribe mitundu ndipo ciyenda pang'onopang'ono. Koma akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Cioneni usiku, nyali zitazimitsidwa, pamodzi ndi anzanu. Penyani kumene kuunika kucokera ndi kumene mthunzi ugwera. Mverani pamene nyimbo ileka. Ndipo dzifunseni caka cimene cinakonzedwa ndi cimene anthu a caka cimeneco ankaopa. Ana ang'ono musawaonetse zosayenera msinkhu wao, pakuti ngakhale makolo ankasankha nthano poyang'ana amene akhala pamoto.

Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, anaonetsa mu 2017 ndi cithunzi cace I Am Not a Witch, cimene cinalandira mphotho ya BAFTA mu 2018, kuti nkhani zathu za ufiti zingathe kusimbidwa ndi ife eni, dziko lonse nkumvetsera. Ufulu umene agogo anu anamanidwa unali wakuona cinthu cathunthu ndi kuciweruza okha. Inu muli nao. Ugwiritseni nchito mwanzeru, ndipo mukatha kuonerera nthano za eni ace, kumbukirani kufunsa okalamba za zathu asanapite nazo kumanda.