Ulimi wa ng'ombe za nyama ku Mulanje

Ulimi wa ng'ombe za nyama ndi kuweta ng'ombe ndi cholinga chozigulitsa kuti ziphedwe, osati kuzikama kapena kukoketsa ngolo. M'Malawi ulimi umenewu umayang'aniridwa ndi nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto ya DAHLD, yomwe ili mu Unduna wa Zamalimidwe. Boma la Mulanje lili pansi pa Blantyre ADD, ndipo silili m'gulu la maboma otchuka ndi ng'ombe monga Chikwawa, Nsanje ndi Mzimba. Komabe ndi kuno kumene kumaonekera bwino vuto lomwe ndondomeko za dziko zimakumana nalo: kuchulukitsa nyama pamene malo odyetsera ziweto atha.

Malo ndi anthu

Boma la Mulanje ndi lalikulu masikweya kilomita 2,056, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 684,107. Izi zikutanthauza kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu oposa 330. Koma si malo onsewo omwe anthu angalime. Gawo lalikulu ndi phiri la Mulanje ndi nkhalango yake yotetezedwa, ndipo m'munsi mwa phiri muli minda ya tiyi ya makampani monga Lujeri ndi Eastern Produce. Malo otsalawo ndi timinda ting'onoting'ono ta chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata, ndipo madambo ambiri omwe kale ankadyetserako ziweto anasanduka madimba. Munthu woti atulutse ng'ombe khumi m'mawa n'kukazidyetsa kutchire, ku Mulanje sangayende mtunda wautali asanalowe m'munda wa mnzake.

Chikhalidwe nacho chili ndi gawo lake. Alhomwe ndi Amang'anja ambiri a m'bomali amatsata chikamwini, choncho ng'ombe sizifunika pa malowolo ngati momwe zilili kwa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba. Mabanja ambiri amaweta mbuzi, nkhumba ndi nkhuku.

Zomwe ndondomeko za dziko zimaika patsogolo

Ndondomeko yaposachedwa yotukula ziweto ndi National Livestock Development Policy ya 2021 mpaka 2026, yomwe imagwirizana ndi masomphenya a Malawi 2063 ofuna kuti ulimi ukhale bizinesi. Pa nkhani ya ng'ombe za nyama, mfundo zomwe zimabwerabwera m'ndondomeko zotere ndi kuteteza ziweto ku matenda, kukonza mtundu wa ng'ombe, kupeza chakudya cha chilimwe, komanso misika ndi malo ophera nyama aukhondo. Malamulo akuluakulu ndi Control and Diseases of Animals Act, lomwe limapatsa boma mphamvu yoletsa kuyendetsa ziweto, ndi Meat and Meat Products Act, loona za kupha ndi kugulitsa nyama.

Kalembera wa ulimi ndi ziweto wa 2006/07 anapeza ng'ombe pafupifupi 880,000 m'dziko lonse. Chiwerengerochi chakwera kuyambira nthawiyo, koma anthu nawo achuluka, moti nyama ya ng'ombe ikadali ndiwo ya apo ndi apo m'mabanja ambiri.

Mtundu wa ng'ombe

Ng'ombe zambiri m'dziko muno ndi zachikuda, zomwe akatswiri amazitcha Malawi Zebu. Ndi zazing'ono, zili ndi linunda, zimakula pang'onopang'ono, koma zimapirira kutentha, njala ndi nkhupakupa. Pofuna nyama yochuluka, boma ndi alimi akuluakulu akhala akuzikweretsa ndi nkhunzi za mtundu wa Brahman. Umuna wobereketsera ng'ombe popanda nkhunzi umachokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, lomwe lachita malire ndi Mulanje. Ng'ombe ya mtundu wosakaniza imakula msanga pokhapokha ikamadya mokwanira. Ikamagona ndi njala, yachikuda imaiposa.

Kunenepetsera m'khola

Njira yomwe imagwirizana kwambiri ndi dera lopanikizika ngati Mulanje ndi kunenepetsera ng'ombe m'khola. Si njira yatsopano ayi, chifukwa inayamba m'dziko muno mu 1957, nthawi ya atsamunda. Mlimi ankatenga ng'ombe zamphongo zothena, nthawi zambiri ziwiri, kawirikawiri pa ngongole. Ankazisunga m'khola lofolera kwa miyezi ingapo osazitulutsa, n'kumazimwetera nsenjere ndi kuzipatsa madeya, mapesi, masangwi a mtedza, mchere ndi madzi. Zikanenepa ankazigulitsa ku Cold Storage Company, kampani ya boma yomwe inkagula potengera kulemera ndi giredi ya nyama, ndipo ngongole inkadulidwa pomwepo.

Ubwino wa njirayi uli pawiri. Ng'ombe yosayendayenda simataya mphamvu, choncho chakudya chimasanduka mnofu, komanso siikumana kwambiri ndi nkhupakupa zakutchire. Ndipo ndowe zonse zimatsala m'khola. Kwa mlimi wa munda wosafika hekitala imodzi, pamene mtengo wa feteleza ukukwera chaka ndi chaka, manyowawo nthawi zina amakhala aphindu kuposa ndalama ya nyama.

Njirayi inafooka pamene boma linasiya kuyendetsa misika ndi ngongole za alimi, Cold Storage n'kupita m'manja mwa anthu abizinesi. Mlimi anatsala wopanda pogula ng'ombe zoti anenepetse, komanso wopanda wogula wodalirika. Lero makola ambiri otere m'mapiri a Shire ndi a ng'ombe za mkaka, ndipo alimi ake ali m'magulu ogulitsa mkaka a bungwe la SHMPA, lomwe limafikanso ku Mulanje. Apa mpamene ulimi wa mkaka ndi wa nyama umakumanirana: pafupifupi theka la mathole obadwa amakhala aamuna, ndipo mlimi wa mkaka safuna kuwawonongera chakudya. Mathole amenewa, pamodzi ndi ng'ombe zomwe zasiya kutulutsa mkaka, ndiwo gwero la nyama lomwe bomali lili nalo pakhomo. Vuto ndi chakudya, poti madeya omwewo amalimbiranidwa ndi oweta nkhumba ndi nkhuku, ndipo m'chaka cha njala anthu nawonso amawadya.

Matenda ndi malire

Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene ng'ombe zimayandikana ndi njati za ku Lengwe. Akabuka, boma limatseka misika ya ziweto monga ya ku Ngabu ndi Bangula ndi kuletsa kutulutsa nyama. Popeza nyama yambiri ya m'chigawo cha kummwera imachokera kuchigwa cha Shire, chiletsocho chimamveka mpaka m'mabutchala a kutali. Matenda omwewa ndi amodzi mwa zifukwa zomwe dziko la Malawi silitha kugulitsa nyama ku misika ya ku Ulaya monga amachitira Botswana ndi Namibia.

Mulanje wachita malire ndi boma la Milange ku Mozambique. Kupatula chipata cha Muloza, pali njira zambiri zachidule, ndipo chiweto chodutsa kumeneko chilibe kalata ya alangizi a ziweto. Njira zomwezi zimathandizanso akuba ng'ombe.

Matenda ofala ndi nkhupakupa kale ankapewedwa posambitsa ng'ombe m'madipi a boma. M'zaka za m'ma 1990 ntchitoyi inasiyidwa m'manja mwa alimi, ndipo madipi ambiri anasiya kugwira ntchito. Tsopano ambiri amapopera okha mankhwala, amene alibe ndalama amangosiya. Katemera wa chigodola cha ng'ombe amapangidwa ku Lilongwe, ku likulu la CTTBD. Madokotala a ziweto amaphunzira ku LUANAR, pamene othandizira awo amaphunzira ku Mikolongwe, koma m'midzi mlangizi mmodzi amayendera dera lalikulu kwambiri.

Misika

M'misika monga Limbuli, Chitakale ndi Nkando, nyama imayenera kuyezedwa ndi mlangizi wa ziweto isanagulitsidwe, pofuna kupewa chifuwa chachikulu ndi nyongolotsi zomwe zimafalikira kwa anthu. Pogula ng'ombe yamoyo kumudzi, mtengo umapangidwa pongoiyang'ana, popanda sikelo. Wogula amadziwa kuyerekeza makilogalamu kuposa mlimi, ndipo mlimi wogulitsa chifukwa cha fizi kapena matenda sakhala ndi nthawi yonenerera.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda, makola ndi ziweto m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Mabanja omwe anataya ng'ombe anataya chuma chomwe chimatenga zaka kuti chibwerere, chifukwa ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9 ndipo kawirikawiri imabereka thole limodzi lokha.