Njoka ya mu Luanshya ndi nchito yopopela mankhwala ku Kopala

M'makomboni a Kitwe ndi Ndola, kaya ku Chimwemwe, Kwacha, Chifubu kapena Masala, simungayende mtunda wautali osaona cikwangwani ca munthu amene amapha mphemvu, nsikidzi, makoswe ndi ciswe. Acinyamata ambili aloŵa bizinesi imeneyi cifukwa poyambila sipavuta: pampu ya pamsana, botolo la mankhwala ndi nambala ya foni. Koma nchito yolimbana ndi tizilombo ili ndi mbili yakale kuno ku migodi, ndipo amene anaiyamba anapambana asanakhale ndi pampu yopopela m'nyumba.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, kampani imene inali kutsegula mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya inali pa mavuto. Anchito anali kudwala ndi kufa, ena ndi malungo, ena ndi matenda a m'mimba. Amuna ocokela kumadela akutali, kuphatikizapo a ku Fort Jameson, imene lelo ni Chipata, ndi a ku Nyasaland, anali kufika, kuona malilo, n'kuthaŵa. Mbili inawanda yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka, Sanguni, cimene cikudya anthu. Azungu a pamgodi anafika poitana Chirupula Stephenson, mzungu amene anakhala zaka zambili pakati pa anthu a m'delalo, kuti atsogolele mwambo wocotsa njokayo. Mwambo unacitika, koma matenda sanathe.

Mu 1929 eni mgodi anapempha thandizo ku Ross Institute ya ku London. Anawatumizila Sir Malcolm Watson, dokotala amene anali atalimbana kale ndi malungo ku Malaya. Iye anayamba ndi kufuna kudziŵa mtundu wa udzudzu umene unali kufalitsa matendawo ndi kumene unali kuswela. Panapezeka mitundu iŵili. Anopheles gambiae amakonda tumadzi toima poomba dzuŵa, monga m'mapazi a ng'ombe, m'njila za mawilo ndi m'maenje okumba dothi, makamaka m'dzinja. Anopheles funestus amakonda madzi a m'dambo okhala ndi udzu ndi mthunzi, amene samauma ngakhale m'cilimwe.

Atadziŵa zimenezi, nchito inakhala ya makasu, mafosholo ndi zikwanje. Magulu a anchito aciafilika anakumba ngalande zoumitsa madambo, analambula m'mbali mwa mtsinje ndi kuuwongola kuti madzi azithamanga. Pa madzi amene sanathe kuwacotsa anali kuthilapo mafuta kuti mphutsi za udzudzu zilephele kupuma. Izi anali kuzibweleza kaŵilikaŵili, pakuti kukatentha dzila la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'mlungu umodzi kapena iŵili cabe. Panalinso mawaya a m'mawindo, maneti ndi mankhwala a kwinini, ngakhale kuti zimenezi zinali kufika coyamba ku nyumba za azungu, monga zinalili zinthu zambili m'nthawi ya atsamunda. Koma dambo likauma, udzudzu unali kucepa kumayadi ndi ku komboni komwe.

Mu 2001 ofufuza otsogoleledwa ndi Jürg Utzinger anapenda mabuku akale a mgodiwu. Anapeza kuti m'zaka 3 mpaka 5 zoyamba, kudwala ndi kufa ndi malungo kunatsika ndi 70 mpaka 95 pa 100 alionse, ndipo m'zaka 20 nchitoyi inapulumutsa miyoyo yoposa 4,000. Njila yomweyi inatengedwa ku Nkana, kumene tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936, komanso ku Mufulira ndi Nchanga. Mu 1944 boma linaika lamulo lothetsa udzudzu, lokakamiza mwini malo aliyense kucotsa poswela udzudzu pakhomo pake.

Pampu inabwela pambuyo. Paul Müller wa ku Switzerland anatulukila mu 1939 kuti DDT imapha tizilombo, ndipo nkhondo yaciŵili ya dziko lonse itatha, migodi inayamba kuipopela m'makoma a nyumba. Inagwila nchito kwambili, ndipo kwa zaka zambili malungo anali osoŵa m'matauni a migodi. Koma zonsezi zinali kudalila ndalama za kopa. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, migodi ndi makanselo anacepetsa kupopela, ngalande zinatsekeka ndi dothi ndi zinyalala, makomboni atsopano anamela pafupi ndi madambo, ndipo malungo anabwelela mwamphamvu.

Mu 2000 kampani ya Konkola Copper Mines inayambanso kupopela m'nyumba ku Chingola ndi Chililabombwe, ndipo boma linatsatila kuyambila mu 2003. Zinathandiza, koma pasanathe zaka 10 ofufuza anapeza kuti udzudzu wa gambiae ku Copperbelt suli kufa bwino ndi DDT, ngakhalenso ndi mankhwala a banja la pyrethroid. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Mukapopela mankhwala amodzimodzi caka ndi caka, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala ndi kubeleka tolimba tinzake. Dziko linakakamizika kusinthila ku mabanja ena a mankhwala, monga pirimiphos-methyl amene amagulitsidwa ndi dzina la Actellic, ndipo mankhwala otelo ni odula. Ku Ndola, bungwe la Tropical Diseases Research Centre, limene linayamba mu 1975 mothandizidwa ndi WHO, linali limodzi mwa amene anali kuyesa udzudzu kuti aone ngati mankhwala akali kuupha.

Kwa wacinyamata amene wanyamula pampu lelo, mbili iyi ili ndi malangizo amene angamusungile makasitomala. Coyamba, yang'anani musanapopele. Mphemvu zimakhala kumene kuli madzi ndi zakudya: pansi pa sinki yodontha, kumbuyo kwa filiji, m'paipi ya madzi oipa. Makoswe amaloŵela pa dzenje limene mungatseke ndi simenti. Kasitomala amene mwamuonetsa pocokela vuto amakukhulupililani kuposa amene mwangomusiila fungo m'nyumba.

Caciŵili, ikani ulendo waciŵili pa mtengo wanu. Mazila a nsikidzi ndi a mphemvu nthawi zambili samafa ndi kupopela koyamba, ndipo amaswa pambuyo pake. Mukapanda kubwelela pakapita milungu iŵili, mwini nyumba adzauza aneba ake kuti munamupopela madzi. Malo odyela, masukulu ogonela komweko ndi maloji amafuna munthu wa pangano la mwezi ndi mwezi amene amalemba m'buku zimene wapeza, ndipo ndalama yokhalitsa ili kumeneko.

Cacitatu, ŵelengani pa botolo dzina la mankhwala eni-eni ali mkati, osati dzina la malonda cabe. Mabotolo ambili a maina osiyana ali ndi pyrethroid yemweyo, conco kusintha botolo si kusintha mankhwala. Sungunulani monga mwa muyeso wolembedwa, valani magolovesi ndi cotseka mphuno, ndipo musayese n'komwe kuika m'nyumba yogona anthu mapilisi a aluminium phosphide ofukizila cimanga m'nkhokwe, cifukwa mpweya wake umapha munthu. Lamulo la zacilengedwe la mu 2011 linapatsa bungwe la ZEMA mphamvu yopeleka malaisensi kwa ogwila nchito ndi mankhwala oopsa, ndipo makampani aakulu amafunsa pepala limenelo asanakupatseni nchito.

Maina a amuna amene anakumba ngalande za Luanshya ndi Nkana samachulidwa kaŵilikaŵili, koma matauni a Kopala anakhalika cifukwa ca thukuta lao. Mvula ya caka cino ikayamba, yendani m'mbali mwa ngalande ya pafupi ndi kwanu, muone ngati madzi akuyenda.