KASHEMBE, CHIRE NDI MALIRE A DZIKO KU CHIPATA

Munthu wokhala ku Nabvutika, kapena ku Kapata ndi ku Mchini, akamva mutu ndi kutentha thupi aganiza za malungo. Za kaodzera saganizako konse. Koma atakwera galimoto ndi kutsika mseu wa ku Mfuwe, napitirira kwa Jumbe, asanathe maola atatu afika m'dziko limene kashembe aluma anthu usana, ndi kumene nthenda yoopsayo siinathe kufikira lero. Ambiri ayesa kuti malire a pakati pa dziko la kashembe ndi dziko lopanda kashembe anaikika pa ciyambi. Mbiri ya dera la Chipata ionetsa kuti malirewo akhala alikusuntha, ndipo kawirikawiri anawasuntha ndiwo anthu.

Kashembe ndi nchenche ya makhalidwe acilendo. Yaikazi siikira mazira ambirimbiri monga udzudzu. Ibala mphutsi imodzi yokha pa masiku 9 kapena 10, niisiya m'dothi lofewa la pamthunzi. Yaimuna ndi yaikazi yomwe zikhala ndi moyo pakuyamwa mwazi. Cotero kashembe afuna zinthu ziwiri: mthunzi wa chire, ndi nyama zoyamwako mwazi, monga njiri, mbawala ndi njati. Kumene anthu akhala mothinana, nadula mitengo, nalima minda yolumikizana, nasaka nyama, nchencheyi isowa pokhala. Cigwa ca Luangwa, cimene eni ace acicha Malambo, ciri ndi zonse zimene kashembe azifuna: kutentha, nkhalango za mitsanya, ndi nyama zosawerengeka.

Pamene Angoni a Mpezeni anakhazikika kumtunda kuno ca m'ma 1870, anamanga midzi yaikuru yoyandikana, ndipo ng'ombe zao zinali zikwizikwi. Acewa ambiri, poopa nkhondo, anasonkhana m'malinga. Zinali nthawi zamantha, ndipo palibe wanzeru amene angazilakelake; koma kukhala pamodzi kotero kunayeretsa chire, ndipo ng'ombe zinaswana bwino. Pambuyo pace, ca m'ma 1892, unafika mliri wocokera kumpoto umene Azungu aucha rinderpest. Unapha ng'ombe, unaphanso njati ndi njiri m'thengo, ndipo kashembe, posowa cakudya, anabwerera m'mbuyo natsala m'tizigawo tocepa ta m'cigwa.

Mpumulowo sunakhalitse. Mu January ndi February 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Caka cotsatira anamanga boma la Fort Jameson, ndilo Chipata wa lero. Nkhondo zitatha, anthu anaturuka m'malinga nabalalika m'timidzi tating'ono. Boma linaika malamulo obvuta pa mfuti ndi pa kusaka, ndipo nyama zinayamba kucurukanso. Linaikanso msonkho wa nyumba, ndipo amuna anapita ku Walale ndi ku migodi ya kumwera kukafuna ndalama. Mwamuna amene ali pansi pa mgodi sadula mtengo kwao. Minda inabwerera ku chire, nyama zinatsata chire, kashembe anatsata nyama.

Nthenda siinacedwe kudziwika. Mzungu wina amene anayenda m'cigwa ca Luangwa mu 1909 anadwala, ndipo ku Liverpool madotolo awiri, Stephens ndi Fantham, anapima mwazi wace napeza kacilombo kosiyana ndi kamene kanali kupha anthu ku Congo ndi ku Uganda. Mu 1910 anakacha Trypanosoma rhodesiense, potengera dzina la dziko lino la masiku amenewo. Kaodzera wa ku Congo adwalitsa munthu pang'onopang'ono, zaka ziwiri kapena zitatu. Uyu wa ku Luangwa ndi waukali: ayamba ndi cotupa pamene nchenche inaluma, kenaka kutentha thupi, mutu ndi mwanabere, ndipo kacilombo kakalowa m'bongo munthu asokonezeka, agona usana, namwalira miyezi yowerengeka isanathe ngati salandira mankhwala.

Mu 1911 ndi 1912 madotolo ena awiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, anamanga msasa ku Nawalia m'cigwa momwemo. Anatsimikiza kuti wonyamula nthendayi ndi kashembe wamba wa m'thengo, amene kufikira pamenepo anthu anamuyesa mdani wa ng'ombe zokha, ndipo anapeza tizilombo totere m'mwazi wa nyama za m'chire zimene sizinaoneke zodwala. Anapezanso cinthu cina cokondweretsa: kacilomboko kakhwima msanga m'mimba mwa nchenche nyengo ikatentha, koma kuzizira kukacedwetsa. Apa ndipo paonekera cifukwa cina cimene munthu wa ku Malambo ali pa ngozi yoposa mnzace wa kumtunda.

Koma cimene cinaononga koposa ndi nkhani ya malo. Kampani ya North Charterland inadzitengera dziko la masikweya mailosi 10,000, potsamira pa mapangano amene Mjeremani Carl Wiese anati anacita ndi Mpezeni. Mu 1928 Boma linadula malo ocedwa marizevu, ndipo anthu ambiri anacotsedwa pa nthaka ya makolo ao kuti Azungu adzalimepo fodya. Azungu oyembekezekawo sanabwere ambiri, pakuti mtengo wa fodya unagwa nthawi yomweyo, ndipo ena amene analipo kale anasiya mafamu ao. Taonani tsono codabwitsa: mbali yina anthu anathinana m'marizevu kufikira nthaka inaguga, mitsinje inayamba kuphwa, ndi njala inakhala mlendo wa caka ndi caka, mbali yina dziko lacondelo linakhala duu, lopanda munthu, likumera chire ndi kusunga nyama ndi kashembe, amene anali kudza kudzapha ng'ombe za m'marizevu momwemo. Amene analemba malirewo pa mapu sanaganize za nchenche, ndipo nkobvuta kuwakhululukira, popeza za Kinghorn ndi Yorke zinali zitadziwika kale zaka 16.

Boma linagula dziko la kampaniyo mu 1941, niliyamba kubwezeramo anthu. Kumene midzi inabwerera ndi nkhwangwa zace, kashembe anacepa. M'cigwa zinthu zinayenda mwa njira yina, pakuti kumeneko nyama zinasungidwa dala: malo osungira nyama anakhazikitsidwa mu 1938, ndipo mu 1972 anasanduka South Luangwa National Park. Nyamazo zibweretsa alendo ndi nchito ku Mfuwe, koma ndizo zomwe zisunga kacilombo, ndipo Akunda okhala m'mphepete mwa paki, pamodzi ndi alonda a nyama, ndiwo asenza ngoziyo.

Mankhwala alipo. Suramin acita bwino nthenda isanafike ku bongo. Ikafikako, kuyambira 1949 madotolo anadalira melarsoprol, jekeseni waukali amene yekha anapha wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Mu 2023 mapiritsi a fexinidazole, atayesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda, anabvomerezedwa pa kaodzera wa mtundu uno. Cobvuta cotsala ndi kuizindikira nthendayo, popeza poyamba ifanana ndi malungo. Cifukwa cace munthu wa m'tauni amene adwala atacokera ku cigwa ayenera kuuza dotolo kumene anali.

Masiku ano ulendo watembenuka. Kumtunda kwa Chipata, Katete ndi Petauke anthu acuruka, minda yacepa, ndipo mabanja ambiri atsikira ku boma la Mambwe kukatsegula minda ya thonje ndi cimanga, atatenga ng'ombe ndi mbuzi zao. Ofufuza anapeza kuti kumtunda, kumene nyama za m'thengo zinatha, kashembe wotsalayo akhalira mwazi wa ng'ombe. Ndipo ng'ombe nayo itha kusunga kacilombo ka kaodzera m'mwazi wace osaoneka yodwala, iri m'khola pafupi ndi nyumba yogona ana.