Mbiri ya Dziko ndi Mbiri ya Misisi

Pali njira ziwiri zolembera mbiri ya masiku oyamba a ulamuliro wa Azungu. Mlembi wina amakwera paphiri, napenya dziko lonse nthawi imodzi, naona mafumu, maboma ndi njanji. Wina amakhala pansi pakhonde la nyumba imodzi, namvetsera zonena nkhalamba. Mudzi wa Misisi, umene uli cakumwera kwa mzinda wa Lusaka pafupi ndi njanji, uonetsa bwino mphamvu ndi kuperewera kwa njira zonse ziwirizi.

Mlembi wa paphiri alongosola nkhani yace motere. M'caka ca 1890 mfumu Lewanika ya Alozi inapangana ndi Frank Lochner, mthenga wa kampani ya Cecil Rhodes. M'caka ca 1898 asilikari a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka m'caka ca 1905. Zigawo ziwiri zinaphatikizidwa m'caka ca 1911 nizikhala Northern Rhodesia. Ndipo m'caka ca 1924 kampani inapereka dziko m'manja mwa Boma la ku London. Pomwepo likulu linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935. Buku lalikuru la L. H. Gann, lotuluka m'caka ca 1964, litsata njira imeneyi, ndipo mphamvu yace ili m'makalata a Boma.

Koma makalata a Boma asunga zimene Boma linafuna kudziwa. Amene analinganiza Lusaka anauyesa mzinda wa Azungu, wa misewu yotakata ndi mitengo ya mthunzi. Munthu wakuda anawerengedwa mlendo wodzagwira nchito, woyenda ndi citupa. Nyumba yace inali ya bwana wace, ndipo nchito ikatha nyumbanso yatha. Kodi amene anacotsedwa nchito, kapena amene anadza ndi mkazi ndi ana, anagona kuti? Apa mlembi wa paphiri acita cete.

Yankho lili m'maina a midzi. Akuluakulu anena kuti dzina la Misisi lacokera ku mau aja amene anchito anali kuitanira mkazi wa Mzungu, mwini malo. George, John Laing ndi John Howard ndiwonso maina a Azungu amene anali eni malo kapena olemba nchito. Malo amenewo anali kunja kwa malire a mzinda, ndipo eni ace ena analola anthu kumangapo nyumba, nalandira ndarama mwezi ndi mwezi. Maenje akuya a ku Misisi, odzala madzi nyengo ya dzinja, ndi mboninso, pakuti ndimo munakumbidwa miyala yomangira mzinda. Njira yomweyi ya pakhonde anaitsata Karen Tranberg Hansen, amene anaceza ndi mabanja a ku Mtendere kuyambira m'caka ca 1971, nasindikiza buku lace m'caka ca 1997.

Komatu njira ya pakhonde payokha siikwanira. Nkhalamba ikumbukira dzina la kapitao ndi mtengo wa ufa, koma zaka imazisokoneza. Siingathenso kufotokoza bwino cifukwa cace Cinyanja cimveka ponseponse m'dziko la Asoli ndi Alenje. Kuti zimenezi zidziwike, mlembi ayenera kukweranso phiri, aone msonkho wa nyumba ndi minda yolandidwa cakummawa, zimene zinatulutsa amuna ambiri a ku Fort Jameson kukafuna ndarama m'mizinda ya panjanji.

Nkhani imeneyi siiri ya m'mabuku mokha. Kwa zaka zambiri anthu a m'midzi yotere anachulidwa olowerera pa malo a eni, ndipo madzi abwino ndi ngalande zinacedwa kuwafika. Mbiri ya pakhonde ionetsa kuti ambiri a iwo analowa ndi cilolezo ca mwini malo, nalipira. Mbiri ya paphiri ionetsa malamulo amene anawamana nyumba m'mzinda umene anaumanga ndi manja ao. Mutu umodzi susenza denga.

Cotero mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu, amene adziwa kuwerenga ndi kulemba, ali ndi nchito pafupi. Zaka za m'buku zidzamdikira. Agogo ace sadzadikira. Atenge pensulo, awafunse kumene anacokera, caka cimene anafika, ndi kwa yani analipira ndarama ya malo.